Skyrim ikungodzitseka ndikayandikira Whiterun, kodi ndifufute zonse?

"Akulu, ndithandizeni. Ndimasewera Skyrim Special Edition pa laputopu ya RAM ya 8GB ndi khadi ya GTX 1650. Ndinaika ma mod (zowonjezera zosintha gemu) pafupifupi 180 kudzera pa Vortex, pulogalamu yoikira ma mod, ndipo kwa miyezi itatu zonse zinkayenda bwino. Mwezi watha gemu inayamba kudzitseka yokha ndikamayandikira khola la akavalo la ku Whiterun, mzinda wa mu gemumo. Sinena chilichonse, imangondibwezera pa desktop. Ndinachotsa ma mod 12 amene ndinkawakayikira, koma zangoipiraipira: sevu yanga ya maola 90 tsopano ikumakana kutseguka nthawi zina. Mnzanga wina akuti laputopu yatha, wina akuti ndifufute zonse ndiyambirenso. Bandulo ya intaneti mukuidziwa mtengo wake. Nditani?" Wowerenga wa ku Zomba

Zikomo achimwene polemba, ndipo pepani ndi maola 90 amenewo. Mtima ukhale m'malo. Pa zimene mwafotokozazi sindikuona chizindikiro choti laputopu yatha. Makina akamafa sasankha malo. Sangadikire kuti mufike pa khola la akavalo kenako n'kugwa, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Gemu ikamadzitseka pamalo amodzimodzi ndiye kuti pamalopo pali chinthu chimene ikuyesa kutsegula n'kulephera, ndipo chinthu chotero chimapezeka. Ine ndinayamba kuika ma mod pa Skyrim yakale ija ya 2011, Special Edition isanatuluke mu 2016, ndipo mwa mavuto onse a gemu imeneyi lanuli ndi limene ndimalilandira ndi manja awiri, chifukwa limabwera mukaliitana. Lozunza ndi lija limabwera pofuna lokha, lero patatha mphindi khumi, mawa patatha maola atatu.

Musanakhudze china chilichonse, tsegulani Documents, kenako My Games, kenako Skyrim Special Edition. Mupeza foda ya Saves. Ikopereni yonse pa flash. Sevu iliyonse ili ndi mafayilo awiri, yaikulu ya .ess ndi kanzake kakang'ono ka .skse, ndipo musawalekanitse. Zina mwa zimene ndikuuzeni zitha kuwononga sevu mukaphonya, ndiye ndikufuna mukhale ndi pobwerera.

Tsopano ma mod 12 aja. Abwezereni onse, omwewo, osati atsopano ake. Pamenepa m'pamene vuto limodzi linasanduka awiri. Skyrim imayendetsa zambiri ndi ma script a chinenero chake chotchedwa Papyrus, ndipo mod ikangoyamba kugwira ntchito, zochita zake zimalembedwa m'kati mwa sevu: quest (ntchito imene gemu yakupatsani) yafika pati, ndani akutsatira ndani, chichitike n'chiyani nthawi yakuti ikakwana. Mukaichotsa mod ija, sevu siiwala. Imakhala ngati mphunzitsi amene akuitanabe mayina a ana oti anasamuka kalekale, n'kumadikira kuti ayankhe. Nthawi zina gemu imangodumpha dzinalo n'kupitiriza, nthawi zina imagwa, ndiye chifukwa chake sevu yanu ikutseguka lero n'kukana mawa. Ma mod a maonekedwe okha, amene alibe fayilo ya .esp, .esm kapena .esl komanso alibe script, awo mutha kuchotsa tsiku lililonse popanda nkhawa. Koma a ma quest, a otsatira, a nyengo, a kamenyedwe, amenewo mukawaika pa sevu ndiye kuti mwakwatirana nawo mpaka sevuyo idzathe. Mukawabwezera, tsegulani sevu yomaliza imene munasunga musanawachotse. Onse amene munasunga pambuyo pake muwaone ngati okayikitsa, ngakhale atatseguka bwinobwino.

Munthu akandibweretsera gemu yogwa, funso langa loyamba si lakuti "muli ndi ma mod ati?" Ndimafunsa kuti ikugwa nthawi yanji. Ikagwa isanafike ndi pa menyu pomwe, chizindikiro cha chinjoka chija chitangooneka, kawirikawiri pali plugin (fayilo ya .esp, .esm kapena .esl ija) imene ikufuna inzake yomwe kulibe, imene timaitcha master, kapena SKSE, pulogalamu yowonjezera mphamvu za ma script imene ma mod ambiri amaidalira, siikugwirizana ndi gemu. Ikagwa potsegula sevu imodzi koma gemu yatsopano n'kuyamba bwino, vuto lili m'sevumo. Ikagwa mukasolola lupanga, mukatsegula thumba la katundu kapena mukavala chovala china chake, tiyang'ane chinthucho, skeleton (mafupa a thupi la mu gemu) ndi ma animation (mayendedwe ake). Ikagwa pamalo amodzi, monga yanu, tiyang'ane zimene zili pamalopo. Ikamagwa paliponse mutasewera kanthawi, m'pamene timayamba kukayikira memory ndi kutentha.

Nkhani ya SKSE ndiikhudze ngakhale gemu yanu ikutseguka, chifukwa imagwira anthu ambiri ndipo mwina ili ndi gawo. SKSE64 imapangidwira nambala imodzi yeniyeni ya gemu. Kwa nthawi yaitali Special Edition inaima pa 1.5.97. Pa 11 November 2021, gemu itakwanitsa zaka khumi, Bethesda inatulutsa Anniversary Edition ndipo nambala inasintha kukhala 1.6, ngakhale kwa amene sanagule zowonjezerazo. Mu December 2023 kunabwera 1.6.1130, mu January 2024 kunabwera 1.6.1170. Nambala ikasintha, ma mod amene ali ndi fayilo ya .dll amafunika ogwirizana ndi nambala yatsopanoyo. Dinani kumanja pa SkyrimSE.exe, Properties, Details, muone nambala yanu. Kenako muone ngati SKSE, Address Library for SKSE Plugins ndi mod iliyonse ya .dll zili za nambala imeneyo. Musanyengedwe ndi mawu oti "SE" ndi "AE" pa masamba a ma mod: nthawi zambiri akutanthauza 1.5.97 ndi 1.6, osati zimene munagula. Ndipo ndinene poyera, ngati gemu munaikopa pa flash ya mnzanu, yosadziwika kumene inachokera, zonse ndikunenazi zitha kukhala kutunga madzi ndi dengu. SKSE imapangidwira gemu ya pa Steam ndi ya pa GOG. Ya pa Game Pass ndi ya pa Epic siigwira.

Tibwerere pa khola la akavalo. Skyrim siitsegula dziko lonse nthawi imodzi. Dziko lake linagawidwa m'timabwalo totchedwa ma cell, ndipo mukakhala panja gemu imatsegula timabwalo 25, tisanu uku tisanu uku, inu muli pakati. Zimenezi zikutanthauza kuti chimene chikugwetsa gemu sichili pamapazi anu ayi. Chili kutsogolo, timabwalo tiwiri kuchokera pamene mwaima, ndipo gemu ikugwa pa mphindi imene kabwalo kake kalowa m'gulu la totsegulidwa. Pozungulira khola lija pali zambiri: Pelagia Farm, Honningbrew Meadery, mpanda wa mzinda, alonda, woyendetsa ngolo, ndi msasa wa amalonda a Khajiit, mtundu wa anthu ooneka ngati amphaka. M'kati mwa Whiterun ndi dziko lina palokha, limatsegulidwa mukalowa pachipata, pokhapokha ngati munaika Open Cities, mod imene imalumikiza mizinda ndi dziko la panja. Ndiye dzifunseni: ndi ma mod ati amene amakhudza kunja kwa Whiterun? Ndipo ndi ati amene munaika kapena kusintha sabata imene vutoli linayamba? Mu Vortex mutha kuonetsa mzere wa nthawi imene mod iliyonse inaikidwa, n'kuwasanja motsatira tsiku. Anthu ambiri amandiuza kuti "sindinasinthe chilichonse", koma tikasanja timapeza ma mod asanu ndi awiri a usiku umodzi wa Loweruka. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Inenso ndinagwapo chagada chomwecho, kangapo.

Koma kungoganizira sikokwanira, tikufuna umboni. Skyrim payokha siilemba chifukwa chimene yagwera. Ena akuuzani kuti muyatse Papyrus log (log ndi fayilo yolemba zimene zachitika). Musataye nthawi, imeneyo imalemba za ma script basi, ndipo mzere wake womaliza si umene wagwetsa gemu. Chimene mukufuna ndi Crash Logger SSE AE VR, kamod kakang'ono kosadya bandulo ka pa Nexus Mods, tsamba lodawunilodapo ma mod. Kamadalira SKSE ndi Address Library. Amene akadali pa 1.5.97 ambiri amagwiritsa ntchito .NET Script Framework, koma ziwirizi musaziike pamodzi. Mukaika, pitani dala kukhola kuja mukaigwetse gemu katatu. Mu foda yomwe ija ya Skyrim Special Edition ya mu My Games muli foda ya SKSE, ndipo mupezamo mafayilo oyamba ndi mawu oti crash, otsatiridwa ndi tsiku ndi nthawi. Atseguleni ndi Notepad.

Poyamba muona ngati chisokonezo chokhachokha, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamwamba padzalembedwa EXCEPTION_ACCESS_VIOLATION. Musachite mantha, pafupifupi log iliyonse imatero. Zikungotanthauza kuti gemu inapita kukatenga chinthu mu memory pamalo pamene panalibe kanthu kapena pamene siiloledwa. Tsikani pa PROBABLE CALL STACK. Mizere yambiri idzakhala ya SkyrimSE.exe. Muyang'ane ngati m'mizere yoyambirira muli dzina la .dll ya mod ina yake. Ngati lilipo ndipo likubwera m'ma log onse atatu, muli ndi woganiziridwa woyamba. Koma chenjerani, si aliyense wopezeka pamalo a ngozi amene wapalamula. SSE Engine Fixes ndi SKSE yeniyeniyo zimaonekaoneka m'ma log chifukwa zimakhala paliponse, ndipo ndaona anthu akuchotsa Engine Fixes, mod imene imawatchinjiriza ku mavuto ambirimbiri, chifukwa chongoona dzina lake. Kenako tsikani pa REGISTERS ndi STACK. Dinani Ctrl ndi F, mufufuze ".nif", kenako ".esp". Mukaona TESNPC ndi dzina la munthu, vuto lili pa munthu ameneyo: nkhope, tsitsi kapena zovala zake. Mukaona BSTriShape kapena NiNode ndi dzina la fayilo ya .nif, ndi mesh (fayilo ya maumbidwe a chinthu) yowonongeka. Mukaona NavMesh, ndi njira zimene anthu a mu gemu amayendamo. Mukaona nvwgf2umx.dll pamwamba, imeneyo ndi driver ya Nvidia, ndipo nkhani yasanduka ya khadi, ma texture (zithunzi zokutira zinthu) kapena ENB, chowonjezera chokongoletsa kuwala ndi maonekedwe.

Log imakupatsaninso FormID, nambala ya zilembo 8. Ziwiri zoyambirira zimanena malo a plugin mu load order yanu, ndondomeko imene gemu imatsegulira ma plugin, ndipo m'munsi mwa log muli mndandanda wa ma plugin onse ndi manambala awo. Ikayamba ndi FE ndi plugin yopepuka, ndiye zilembo zitatu zotsatira ndi zimene zikuloza mwiniwake. Ikayamba ndi FF ndi chinthu chimene chinabadwira m'sevu momwemo mukusewera. Tsegulani SSEEdit, pulogalamu yoonera za m'kati mwa ma plugin, lembani FormID ija m'kabokosi ka pamwamba kumanzere, ndipo ikuonetsani ma mod onse amene akukhudza chinthucho atandandalikidwa, wopambana ali kumanja kwenikweni.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Yanga inkagwa ndikawoloka mlatho wa ku Riverwood, pa sitepe yomweyomweyo. Masiku atatu ndinalimbana ndi load order, kukweza uyu, kutsitsa uyo, osaphula kanthu. Nditakhala pansi n'kuwerenga log, dzina limodzi linali kubwerabwera: mesh ya nyali. Kanyali kamodzi kopachika pamtengo m'mbali mwa msewu. Ndinali nditadawuniloda mod yake pa tsamba la Skyrim yakale osazindikira, popeza pa Nexus magemu awiriwa ali ndi zigawo zosiyana koma ma mod ake mayina ndi ofanana. Yakale ndi ya 32-bit, Special Edition ndi ya 64-bit, ndipo ma mesh ena akale amagwetsa yatsopanoyi akangooneka. Ndinaidutsitsa mu Cathedral Assets Optimizer, mphindi ziwiri, vuto linatha. Kuyambira pamenepo ndimawerenga log ndisanagwire china chilichonse.

Pa Whiterun, woganiziridwa wanga woyamba ndi nkhope za anthu. Nkhope ya munthu aliyense wa mu gemu ili pawiri: zolembedwa mu plugin, ndi mafayilo a mutu wake amene timawatcha facegen. Mukaika ma mod awiri okongoletsa munthu mmodzi, zitha kuchitika kuti plugin ya uyu yapambana koma mafayilo opambana ndi a winayo. Mukachita mwayi, munthuyo amangooneka nkhope yakuda yosiyana ndi thupi. Mukapanda mwayi, makamaka ngati mutuwo ukufuna tsitsi la mod ina monga KS Hairdos imene simunaike, gemu imagwa iye akangotulukira. Ndipo apa pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri: gulu la amalonda a Khajiit aja, lotsogoleredwa ndi Ri'saad, limayenda pakati pa Whiterun ndi Markarth, silikhala pa msasa paja masiku onse. Ngati vuto lili pa mmodzi wa iwo, mudzadutsa bwinobwino lero, n'kuganiza kuti mwakonza, kenako n'kugwanso iwo atabwerera.

Wachiwiri ndi ma mod osintha mizinda. JK's Skyrim, Dawn of Skyrim, Open Cities, ndi ena owonjezera nyumba ndi misika kunja kwa mpanda, onsewa amalimbirana malo amodzi. Awiri akasintha navmesh ya kabwalo kamodzi popanda patch yowagwirizanitsa, mlonda akangoponda pamene njira yaduka gemu imatha kugwa. Mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani imodzi, kapena ikani patch imene eni ake analemba pa tsamba lawo. Mwambi womwewu ukugwiranso pa FNIS, Nemesis ndi Pandora, zimene zimagwira ntchito imodzi ya ma animation, komanso pa ENB ndi Community Shaders. Chimodzi basi pa gulu lililonse.

Mwina mukuti, "Koma Vortex imasanja yokha." Inde, ili ndi LOOT m'kati mwake, ndipo imasanja ma plugin bwino ndithu. Koma kusanja si kugwirizanitsa. LOOT imangonena kuti uyu akhale patsogolo pa uyo. Siiphatikiza zimene awiriwo asintha. Ndiponso mafayilo wamba, ma mesh ndi ma texture, amatsatira malamulo ena, aja Vortex imakufunsani kuti "before" kapena "after". Ambiri amangodina kuti uthengawo uchoke. Kaoneni makamaka XP32 Maximum Skeleton Special Extended ngati muli nayo: mod ina isaphimbe mafayilo ake a skeleton. Werenganinso machenjezo a pa tsamba la Plugins mu Vortex mmodzimmodzi. Ikati plugin ikufunika kutsukidwa, Quick Auto Clean ya SSEEdit imachita zimenezo, koma navmesh yofufutidwa siingakonze yokha. Za malire a ma plugin 254 musade nazo nkhawa, pa ma mod 180 simunafikepo. Ngati munapanga DynDOLOD, ija yokonza zooneka kutali, dziwani kuti imadalira ma mod amene analipo pa tsiku limene munaipanga, ndiye mukachotsa ena iyenera kupangidwanso.

Log ikakhala yosalankhula, pali njira imene siilephera koma imafuna kupirira. Pangani profile yatsopano mu Vortex kuti yakale isasokonekere. Musayesere pa sevu yanu, yesani pa gemu yatsopano. Pa menyu yoyamba dinani batani la pansi pa Esc kuti console itseguke, lembani coc riverwood. Mukafika lembani tgm kuti mimbulu isakusokonezeni, kenako yendani wapansi njira yomwe ija mpaka kukhola. Ikagwa ngakhale pa gemu yatsopano, sangalalani: vuto lili m'ma mod, sevu yanu ilibe mlandu pa za Whiterun. Tsopano zimitsani theka la ma mod, 90, dinani Deploy, yendaninso. Ikagwa, wolakwa ali mwa 90 otsala. Ikapanda kugwa, ali mwa amene mwazimitsa. Gawaninso gulu lolakwalo pakati: 45, 23, 12, 6, 3, 2, 1. Maulendo asanu ndi atatu okha, madzulo amodzi. Yerekezani ndi kuyesa imodziimodzi maulendo 180. Chosamala n'chakuti mukazimitsa mod muzimitsenso ma patch ake ndi onse amene amaidalira, apo ayi mubweretsa kugwa kwatsopano kwa master yosowa n'kusokonezeka. SKSE, Address Library, Engine Fixes, USSEP ndi SkyUI zisiyeni zoyaka nthawi zonse. Ndipo pa ulendo uliwonse musasinthe china chilichonse. Mukasintha ma mod, driver ndi ma setting nthawi imodzi, ikachira simudziwa chimene chaichiritsa, ndipo idzadwalanso.

Mnzanu wonena za laputopu uja sanalakwe kotheratu, ndimupatse zake. GTX 1650 ili ndi 4GB ya memory ya zithunzi, ndipo chigwa cha Whiterun ndi amodzi mwa malo olemera chifukwa mumaona kutali, udzu, mpanda ndi Dragonsreach, nyumba yachifumu ya Whiterun, nthawi imodzi. Ngati munaunjika ma texture a 4K, ndi katundu woposa mphamvu ya khadi imeneyo. Pa sikirini ya laputopu, 1K ndi 2K zikukwanira, maso anu sadzaona kusiyana mukuthamangitsana ndi chinjoka. RAM ya 8GB ndiyo yothina kwambiri: Windows yadya gawo lake, Vortex ndi Chrome zikakhala zotsegula zadyanso. Tsegulani Task Manager pa Performance mukusewera muone ngati ikudzaza. Kulitsani page file ya Windows ifike 20GB, pa SSD ngati muli nayo. Ine ndimatero pa makina aliwonse a ma mod ochuluka. Ngati laputopu ili ndi malo a RAM yachiwiri, kufika pa 16GB ndi ndalama yogwiritsidwa bwino kuposa kugula makina ena. Yesaninso kuzimitsa overlay ya Steam, ya Discord ndi ya MSI Afterburner, ndipo muikenso Microsoft Visual C++ Redistributable ya 2015 mpaka 2022, imene ma .dll ambiri amaidalira.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka musiye za ma mod mupite kwa wokonza makompyuta. Laputopu yonse ikamazima yokha, ikamaonetsa sikirini ya buluu, ikamajambula timizere ndi timadontho tachilendo, kapena magemu ena opanda mod akamagwanso, imeneyo si Skyrim. Kawirikawiri ndi fumbi m'fani ndi thermal paste youma, makamaka nyengo yotentha ya October ndi November, ndiponso ngati mumasewerera pabedi makina atakhala pa bulangete. Akaitsegule, aipukute, ayesenso RAM ndi disk. Nkhani ya magetsi nayonso: ngati batire linafooka ndipo magetsi anazima gemu ikusunga, sevu imeneyo itha kukhala yoduka, ndipo palibe pulogalamu yoibwezeretsa. Chimodzimodzi mod imene intaneti inaduka ikudawunilodidwa. Ngati log ikuloza fayilo ya mod ina yake, idawunilodeninso iyo yokhayo musanaiweruze.

Nanga sevu ya maola 90? Ndikuuzeni zoona zake. Ngati muli ndi ya tsiku lomwe musanachotse ma mod aja, mwayi ndi waukulu: wolakwa akapezeka kuti ndi mesh, nkhope kapena patch yosowa, mukonza n'kupitiriza ulendo wanu ngati palibe chinachitika. Ngati munkangosunga pamwamba pa sevu imodzi ndi F5, ndiye tatsala ndi ReSaver, ya mu FallrimTools. Imatsegula sevu n'kukuonetsani zotsalira za ma script amasiye, zimene imazitcha unattached instances ndi undefined elements, ndipo imatha kuzichotsa. Chitani zimenezi pa kope, osati pa yeniyeni. Imathandiza nthawi zambiri, koma siibwezeretsa quest imene inaduka pakati, ndipo sevu yotsukidwa itha kuyenda maola makumi awiri kenako n'kuyambanso kuvuta. Zikafika poti ikugwa m'malo osiyanasiyana pamene gemu yatsopano ili bwinobwino, ilekeni, yambani ina. Zimawawa, ndikudziwa. Onaninso kuti Engine Fixes inaikidwa yonse: ili ndi gawo lachiwiri limene mafayilo ake amapita mu foda ya gemu, pamene pali SkyrimSE.exe, ndipo ambiri amaiwala limenelo. Mod imeneyi imakonza, mwa zina, vuto lija gemu imanena kuti masevu awonongeka pamene ali bwino. Kuyambira lero muzisunga sevu yatsopano nthawi iliyonse, muli m'nyumba yabata, osati pakati pa nkhondo.

Zofufuta zonse zija ayi, musatero. Gemu yokha ndi yoposa 12GB, ndipo mukaikanso ma mod omwewo m'njira yomweyo, mudzakumananso ndi khola lomwelo. Ndiponso Steam ikamachotsa gemu imasiya mafayilo amene sinaike yokha, monga d3d11.dll ya ENB, ndiye mutha kuwononga bandulo vuto n'kutsala pomwepo. Mukafuna kuona ngati gemu yeniyeniyo ili bwino, dinani Purge mu Vortex, imene imachotsa ma mod mu foda ya gemu popanda kuwafufuta, kenako pa Steam musankhe Verify integrity of game files. Imangotenga mafayilo owonongeka okha. Koma dziwani kuti ngati gemu yanu ili pa nambala yakale, Verify idzaikweza kufika pa yatsopano, ndiye onani nambala ija kaye. Zonse zikakhazikika, uzani Steam kuti isinthe gemuyi pokhapokha mwaitsegula kudzera mwa iyo, ndipo inu muziitsegula ndi SKSE nthawi zonse. Ena amafika poika fayilo ya appmanifest_489830.acf, ya mu foda ya steamapps, pa read-only kuti Steam isaigwire n'komwe.

Mukapeza mod yolakwa koma osadziwa chochita nayo, pitani pa tsamba lake pa Nexus, muwerenge kaye za Requirements, Posts ndi Bugs. Kawirikawiri wina anakumana nazo kale ndipo yankho lili pomwepo. Ku r/skyrimmods pa Reddit kulinso anthu odziwa kuwerenga ma log. Koma musakalembe kuti "gemu yanga ikugwa, thandizeni", sakuyankhani. Nenani nambala ya gemu, nambala ya SKSE, malo enieni amene ikugwera, ngati ikugwanso pa gemu yatsopano, ndipo muike log yonse ndi load order yanu pa Pastebin. Dzina lanu la pa Windows limatha kuoneka m'mizere ya log, lifufuteni musanatumize. Kapena nditumizireni ine ma log atatu aja pamodzi ndi mayina a ma mod amene munaika sabata imene vutoli linayamba. Mundiuzenso ngati matenti a Khajiit amakhala atadzutsidwa kunja kwa mpanda pa nthawi imene ikugwa.